Mbuzi m'Chikwama cha Changani

Chaka chimene nyama inasowa m'mabutchala onse a ku Kwekwe, ine ndinali pamsewu. Nthawi zonse ndinali pamsewu. Lolemba Rutendo. Lachiwiri Beitbridge. Lachitatu kuwoloka mlatho, Musina. Lachisanu kubwerera ndi mafuta ophikira, sopo, mpunga. Zonse m'zikwama ziwiri za changani, zazikulu zamizeremizere zija. Msana unali utayamba kudandaula. Zaka makumi atatu ndi zinayi, koma potsika basi ndinkagwira m'chiuno ngati nkhalamba ya ku mgodi.

Ndine Yafeti. Ndinabadwira ku Rutendo, ku Redcliff, m'nyumba za kampani ya zitsulo. Bambo anali Mchewa wa ku Dedza, Mkatolika. Mayi Myao wa ku Mangochi, Msilamu. Tchalitchi ndinatengera bambo. Ku Malawi ndinapitako kamodzi, pa maliro. Za ziweto sindidziwa kanthu. Ndikunena izi pano kuti musadzadabwe kutsogoloku.

Ku Beitbridge, kuseri kwa siteshoni ya mabasi, kunali kontena yopaka utoto wobiriwira. Mwini wake Bambo Haroon, Mmwenye wa ndevu zoyera. Ankagulitsa mpunga ndi nkhuku kwa madalaivala a mathiraki. Ndinkadya pamenepo chifukwa panali mthunzi. Tsiku lina mu Okutobala anakhala pa benchi yanga, n'kutambasula pepala lalikulu pa mawondo.

"Taona mzere uwo," anatero, akuloza mathiraki. "A ku Tanzania. A ku Somalia. A kwanu ku Malawi. Masiku anayi pa mzere. Akudya buledi ndi tiyi chifukwa nyama ya kuno sayikhulupirira. Apa padzakhala pozingira. Apa zipinda zozizira. Apa malo odyera khumi. Nyama yozingidwa mwa Chisilamu, ya chidindo, izidzawoloka mlatho mpaka ku Durban. Tauni ino idzakhala likulu la halaal, mnyamata."

Ndinayang'ana tauniyo. Fumbi. Abulu. Mpopi wouma. Anthu a mapepala otere ndawaona ambiri. Koma uyu anali ndi dizilo, migolo itatu kuseri kwa kontena. Chaka chimenecho munthu wa dizilo tinkamumvera.

"Mbuzi ziliko," anapitiriza. "Chosowa ndi dzanja loti ndilikhulupirire. Akuti kwanu ku migodi kukadali Achawa akale odziwa kuzinga. Ndikufunanso munthu wobweretsa nyamayo sabata ndi sabata. Ndimupatsa pikapu ndi dizilo."

Pikapu. Ndinamva msana ukuwongoka wokha. Kusiya zikwama. Kusiya kugona pa simenti ku boda, mutu pa sopo. Kukhala kutsogolo, zenera lotsegula.

"Amalume anga," ndinatero msanga. "Che Twaibu. Rutendo yonse imazingitsa kwa iwo. Wobweretsa ndine."

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Loweruka ndili ndi ukwati ku Kwekwe. Pobwerera ndidzera kwanu, thu koloko. Ndibwera ndi Shehe amene amandiyang'anira za nyama. Ndikapeze mbuzi itazingidwa, itapachikidwa. Shehe aone khosi, aone mpeni, aone munthuyo. Sindibwera kawiri."

Che Twaibu ndi mlongo wawo wa mayi anga. Ife ana a muno timawatcha sekuru, mwa Chishona. Zaka makumi atatu anagwira pa ng'anjo. Koma ku Rutendo sawadziwa ndi zitsulo, amawadziwa ndi mpeni. Pa maliro, pa ukwati, pa Khirisimasi, Akatolika ndi Apositoli omwe amabweretsa mbuzi ndi nkhuku kwa iwo. Akazinga Che Twaibu aliyense amadya, palibe wotsala ndi masamba okha. Malipiro awo ndi khosi. Chaka chimenecho panalibe chozinga. Mpeni ankaunolabe Lachisanu lililonse, n'kuukulunga m'nsalu yoyera.

Ndinawapeza pakhonde Lachisanu masana, atabwera ku mzikiti. Ndinafotokoza zonse mothamanga.

"Likulu la chiyani?"

"La halaal, sekuru."

"Ku Beitbridge? Kuja anthu amagula madzi osamba?"

"Zidzasintha. Munthuyo ali ndi pepala."

"Pepala ali nalo. Mbuzi ili kuti?"

"Ndikatenga mawa mamawa kwa Gadi, ku famu."

Anavula chisoti, n'kukanda mutu.

"Mphwanga, tamvera. Ubwere nayo ikuyenda ndi miyendo yake. Ifike, imwe madzi, ipume pamthunzi. Ine sindizinga mbuzi yotopa."

"Ndamva."

Sindinamve. Ndinali ndikuyendetsa pikapu m'mutu.

Famuyo ili pakati pa Kwekwe ndi Gweru, cha ku Hunters Road. Gadi anabadwira pomwepo, makolo a ku Ntcheu. Mzungu anachoka, eni atsopano anabwera, Gadi anatsala m'komboni ndi mbuzi zisanu. Ndalama sankazifuna. Ndani ankazifuna? Ndinapita ndi mafuta ophikira, shuga ndi sopo. Tinakangana mpaka dzuwa linakwera. Mkazi wake Eluby ankatuluka, kuyang'ana katunduyo, kupukusa mutu, kulowanso. Potsiriza anandipatsa tonde wofiirira, wamng'ono, wa maso achipongwe.

"Kalata uli nayo, achimwene?" anafunsa Gadi.

"Kalata yanji?"

"Yoyendera ndi chiweto. Pamsewu pali rodibuloko. Popanda kalata mbuzi imatsala pomwepo."

"Lero Loweruka. Ofesi n'zotseka."

"Ndiye iyendetse m'mbali mwa njanji. Ukadutsa dambo ukhote kumanzere. Dzuwa likamapendeka uli ku Redcliff."

"Munthuyo akubwera thu koloko."

"Ukanabwera dzulo."

Anthu a ku famu ali ndi mayankho otere. Ndinasiya kumumvera. Kudutsitsa katundu ndiye ntchito yanga. Ndinadutsitsapo fuliji pa mlatho ngati katundu wa m'manja. Mbuzi ingandivute?

Ndinaimanga miyendo ndi lamba wa chubu. Inalira kwambiri. Ndinavula sokosi, kuiveka kukamwa, kukulunga ndi seloteipi. Bata. Ndinailowetsa m'chikwama cha changani. Pamwamba bulangete. Pamwamba pa bulangete sopo wotsala, mitanda isanu ndi umodzi, yondandalika bwino. Zipi ndinasiyako kampata ka zala ziwiri. Ntchito yooneka bwino. Aliyense wa pa boda akanandiyamikira.

Gadi anaima manja kumbuyo.

"Achimwene, imeneyotu si sopo."

"Ndi theka la ola basi."

"Chabwino. Mbuzi ndi yako."

Theka la ola. Pamsewu ndinadikira maola awiri. Makombi, maminibasi a kuno, anali ochepa, mafuta kulibe. Imene inaima inali yodzaza mpaka pakhomo. Hwindi, woitanira okwera uja, anandilanda chikwama, n'kuchikankhira pansi pa mpando wakumbuyo.

"Pang'onopang'ono, shamwari, muli zosweka."

"Mudhara, mukukwera kapena mukutsala?"

Ndinakwera. Patsogolo pang'ono anakweza mayi wa thumba la chimanga. Thumbalo linatsamira chikwama changa. Ndinafuna kuyankhula. Ndikanati chiyani? Kuti muli mbuzi? M'kombi ya anthu osalawa nyama miyezi itatu?

Pa rodibuloko mzere unali wautali. Dzuwa la Okutobala pa malata. Mawindo osatseguka. Pafupifupi ola tili pompo. Wapolisi anatsegula kumbuyo, kusuzumira m'matumba. Anakoka zipi yanga. Anaona sopo, anaona bulangete. Anatseka. Munthu waulemu, anatseka mpaka kumapeto. Mbuzi sinagwedezeke n'komwe. Ndinanyada. Ndinati mumtima, tonde wamwambo uyu.

Kombi inathera mafuta pa mphambano ya ku Redcliff. Tonse pansi. Ndinasenza chikwama paphewa, kuyenda, kupuma, kuyenda. Munthu wa njinga anandithandiza mtunda wotsala, ndinamupatsa mtanda wa sopo. Ndinafika kwa sekuru wani koloko itatsala pang'ono.

Iwo anali atakonzeka. Mkanjo woyera. Pansi pa mtengo wa mango posesa bwino. Kadzenje ka magazi kokumba kale, koyang'ana ku Chibula, kumene Asilamu amayang'ana popemphera. Chingwe chopachikira. Beseni la madzi oti mbuzi imwe. Anayang'ana kumbuyo kwanga, kufunafuna.

"Ili kuti?"

Ndinatula chikwama. Anayang'ana chikwamacho. Anayang'ana ine.

Ndinachotsa sopo. Ndinachotsa bulangete, lonyowa, lotentha. Tonde anali chigonere, khosi lopindika. Ndinamatula seloteipi. Lilime linatuluka lokha.

"Yangokomoka," ndinatero. "Kutentha."

Sekuru anagwada. Anaigwira diso ndi chala. Silinaphethire. Anakoka mchira. Anathira madzi m'khutu. Anaika dzanja pa nthiti, kudikira, kudikirabe. Kenako anadzuka, n'kukasamba m'manja m'beseni lija.

"Yafa."

"Ikadali yofunda."

"Chafunda ndi bulangete lako."

"Sekuru, yafa pompano. Mphindi zisanu. Mwina pa geti pomwepa."

"Kaya pa geti, kaya ku Gweru. Yafa yokha. Ndi nyamafu. Sizingidwa, sidyedwa."

"Mungodula. Tiipachika, tiisenda, tiitsuka. Shehe akufuna kuona khosi basi."

"Shehe aona khosi. Ine ndaona mbuzi yonse."

"Ndani adziwe?"

"Ndangokuuza kumene."

Ndinayenda kuzungulira mtengo wa mango. Kawiri. Ndinawauza za pikapu. Ndinawauza za msana. Ndinawauza kuti mpeni wawo ukudya dzimbiri m'nsalu, kuti mwayi uwu ndi wawonso, kuti Mulungu amaona mmene zinthu zavutira m'dziko muno. Ndinatchula ngakhale mayi anga omwalira. Iwo ankapukuta zala chimodzichimodzi.

"Mungonena Bisimila, n'kudula. Mawu ndi omwewo, mpeni ndi womwewo."

"Bisimila si zipi yotsekera katundu wako, Yafeti."

"Basi ndidula ndekha."

"Dula. Mpeni wa anyezi uli m'khitchini. Akandifunsa ndinena kuti wadula ndi mwana wa mlongo wanga, Mkatolika, mbuzi itafa kale m'chikwama."

"Munganenedi?"

"Ndi sokosi yomwe."

Pa mpanda panali patatsamira kale mitu. Ku Rutendo chikwama sichitsegulidwa mwachinsinsi. Patsogolo Mai Evidence, oyandikana nawo nyumba, mayi wa Chishona wa mawu aakulu.

"Maiwe, sekuru, mbuzi yathunthu. Muitani?"

"Ikwiriridwe. Ndibwerekeni khasu."

Ndinawasiya. Ola linalipobe. Mbuzi yalephera, nkhuku bwanji? Shehe akanaona mpeni ukugwira ntchito, akanaona magazi akuthamanga. Ndinathamanga misewu inayi. Khomo ndi khomo. Makola opanda kanthu, ena asanduka nkhuni. Pa nyumba ina panali thadzi limodzi loikira. Mwini wake anandiyang'ana ngati ndapempha mwana. Kwina anandionetsa nkhunda ziwiri padenga, n'kunena kuti ndikazigwira ndi zanga. Ndinayesa. Sindikufuna kufotokoza.

Pobwerera ndinamva fungo ndisanakhote. Nyama yootcha. Msewu wonse. Utsi unkachokera kuseri kwa Mai Evidence. Anthu pa geti ndi mbale, ena ndi nyuzipepala. Kuseka kumene sindinakumve ku Rutendo chiyambire dzinja.

Sekuru anali pakhonde, atatembenuzira mpando ku khoma.

"Mbuzi ija?"

"Mai Evidence anati akandikwiririra. Ndinawauza kuti ndi nyamafu. Anati iwo si Achawa."

"Ndiye mwawapatsa?"

"Sindinapatse munthu. Ndinalowa kukaswali. Potuluka kunalibe."

"Mafuta anga. Shuga wanga. Rutendo yonse ikudya ine."

"Ikudya mbuzi yakufa. Iwe uli pano."

Pikapu yoyera inaima pa geti thu koloko itangopitirira. Yatsopano, ya matayala aakulu. Ndinaiyang'ana kamodzi, n'kuchotsa maso. Bambo Haroon anatsika atavala za ku ukwati. Pambuyo pawo Shehe, munthu wochepa thupi, wa magalasi, kabuku m'manja. Bambo Haroon ananunkhiza mpweya. Anayang'ana chingwe chopanda kanthu pa mtengo wa mango.

"Ndinati ipachikidwe. Sindinati iotchedwe."

"Panali kavuto ka mayendedwe, bwana," ndinayamba. "Mukudziwa mmene makombi alili. Tikanapangana tsiku lina, mwina Lachitatu."

"Khalani pansi, alendo," anatero sekuru. "Ndikuuzeni."

Anawauza. Pang'onopang'ono, ngati akuwerenga kalata. Kalata yosowa. Njanji imene Gadi ananena. Lamba wa chubu. Bulangete. Sopo pamwamba. Izi zonse ndinali nditawauza ndine, podzitchinjiriza. Anafika pa sokosi, n'kuima pang'ono kuti alendo amve bwino. Ananenanso zimene ndinawapempha pansi pa mango. Sanasiyeko liwu.

Shehe anapempha kuona chikwamacho. Ndinabweretsa. Anasuzumira, n'kubweza mutu msanga. Anatseka kabuku kake osalembamo.

"Mpeni ndiuone, bambo."

Sekuru anaumasula m'nsalu. Shehe anauyang'anitsa padzuwa, anauyendetsa pa chikhadabo, anameta tsitsi pang'ono pa mkono wake. Anafunsa mmene amagonekera chiweto. Anafunsa mitsempha imene amadula, ndi imene amasiya. Anafunsa ngati amanola mpeni chiweto chikuona. Sekuru anakwiya ndi funso limenelo. Kenako Shehe anafunsa kwawo. Atamva Mangochi anasintha chilankhulo. Anayamba Chiyao. Makolo ake anali a ku Namwera. Ine Chiyao ndimangomva moni ndi zotukwana. Anacheza. Anaseka. Kawiri anayang'ana kumene ndinaima, n'kusekanso.

Pamenepo Mai Evidence analowa pa geti ndi mbale yophimba. Anagwada mwaulemu wonse pamaso pa Bambo Haroon.

"Alendo sangachoke opanda kulawa. Chiwindi ichi, chofewa. Tithokoze mukoma Yafeti."

Ndinafuna nthaka itseguke. Bambo Haroon anayang'ana mbaleyo, anayang'ana sekuru.

"Ndi yomweyo?"

"Ndi yomweyo."

"Zikomo, amayi. Tadya ku ukwati."

Mai Evidence anatuluka ndi mbale yawo, osadandaula konse. Shehe ananong'oneza Bambo Haroon mawu ochepa. Iwo anagwedeza mutu, n'kuyang'ana wotchi.

"Akuluwa ndawatenga," anatero. "Munthu wokana kudula mbuzi yofunda chaka chino, ndi njala iyi, ndi mphwake akulira pambali. Sindifunanso kuona khosi. Bambo, mungabwere ku Beitbridge?"

"Iyayi. Kumatentha. Ndiponso Rutendo ikafuna kuzingitsa ipita kwa yani?"

"Basi muzizingira pano. Dalaivala wanga azidzatenga nyama ndi bokosi la ayezi, Lachiwiri lililonse. Uja ananena za njanji ndani?"

"Gadi," anayankha sekuru.

"Ameneyo azibweretsa mbuzi. Zikuyenda. Kalata ndikonza ine."

Anayamba kupita ku galimoto. Ndinawatsatira mpaka pa geti.

"Nanga ine, bwana? Ndine ndinakupezerani munthuyu."

"Ndi zoona. Zikomo."

"Pikapu ija?"

Anatsegula chitseko. Anandiyang'ana ngati tsiku lija pa benchi, nthawi yaitali.

"Iwe umadziwa sopo, Yafeti. Uzinyamula sopo."

Anapita. Fumbi linatsalira ine.

Lolemba ndinali pa basi. Chikwama ndinachichapa katatu. Fungo la tonde silinachoke. Hwindi anakana kuchilowetsa mkati, anachiponya pamwamba. Ku boda mayi wina anasuntha pa mzere, atagwira mphuno. Kugula china? Ndi chiyani?

Gadi tsopano amayenda m'mbali mwa njanji Lolemba lililonse, mbuzi zitatu patsogolo, kalata m'thumba la malaya. Anagula chipewa. Tikakumana amandipatsa moni waulemu kwambiri. Zimenezo ndiye zimandipweteka.

Ku Beitbridge makontena obiriwira akhala awiri. Pali chikwangwani chachikulu chonena za likulu la halaal. Zipinda zozizira zikadali pa pepala. Madzi akugulabe. Koma madalaivala amadya mbuzi ya ku Rutendo, amaima pa mzere ndi mbale zawo. Ine ndimadzera kuseri kwa siteshoni, njira yaitali, yopanda mthunzi. Ndimadya buledi.

Lachisanu ndikafika ndimapitira kwa sekuru kukasiya mpunga wawo. Amandisungira khosi la mbuzi, lowaza mchere, m'kambale kophimba. Sanaiwalepo. Ndimatula zikwama pakhonde, kugwira m'chiuno. Iwo amayang'ana zikwamazo, mpeni pa mwala, osasiya kunola.

"Wafika, mphwanga. Sopo wafika wamoyo?"

Ndimatenga khosi langa.